Kodi ndege imanjenjemereranji ikamanyamuka?

Ambiri a ife kuno ku Birmingham tinaperekezapo kholo ku bwalo la ndege. Mayi anabwera kuchokera kumudzi kudzathandiza chikuta, akhala nafe miyezi isanu, viza yatsala pang'ono kutha, ndipo tsiku lobwerera lakwana. Masutikesi tayeza kawiri konse pa sikelo ya kubafa. Tili pa mzere, iwo n'kutikokera pambali, n'kunong'ona: "Mwanangu, pobwera paja ndege inkachita ngati ikufuna kuphwasuka. Kodi ya leroyi ndi yomwe ija?"

Ife timaseka n'kuwauza kuti palibe vuto. Koma tinene chilungamo, abale. Ndi angati mwa ife amene akudziwa chimene chimagwedeza ndege? Ena takwerapo maulendo oposa khumi, koma ikangoyamba liwiro lija timagwira mpando zolimba, maso titatsinzina, milomo ikuyenda yokha.

Manthawa anawonjezeka pa 10 June 2024, pamene ndege inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lathu, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ija inali ndege yaing'ono ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, ndipo inagwa kumapiri nyengo itaipa, itauluka kale mtunda wautali. Ngoziyo sikukhudzana ndi kunjenjemera kwa ponyamuka. Koma mtima wa munthu susiyanitsa zotere, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mafunso okhudza ndege achuluka m'macheza athu.

Yankho lalifupi ndi lakuti kugwedezeka kochuluka kumene timamva n'kwa masiku onse, ndipo amene anapanga ndegezo amakudziwa bwino. Komabe kulipo kunjenjemera kwina kumene sikwabwino. Ngozi ina imene inachitika kufupi ndi kuno, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto, imatithandiza kusiyanitsa ziwirizi.

Zimayambira ku injini

Mukasuzumira kutsogolo kwa injini ya ndege mudzaona fani yaikulu ya masamba ambiri. Pa ndege ya Boeing 737-400, mwachitsanzo, faniyo inali ndi masamba 38, inali yotambalala mita imodzi ndi theka, ndipo ponyamuka inkazungulira maulendo pafupifupi 5,000 pa mphindi imodzi. Nsonga za masambawo zimathamanga kuposa liwiro la mawu, n'chifukwa chake amene akhala kutsogolo kwa mapiko amamva kulira ngati kwa makina ochekera matabwa. Kulirako kumachepa ndege ikakwera ndipo oyendetsa akabweza mphamvu.

Mwina munaonanso kuti injini sizilira mwamphamvu nthawi imodzi. Oyendetsa amayamba akankha pang'ono, n'kudikira kamphindi kuti injini zonse ziwiri zifanane, kenako n'kupereka mphamvu yonyamukira. Akapanda kutero, injini imodzi ikhoza kutsogola n'kukhotetsa ndege. Mphamvu yonseyo imadutsa m'zitsulo zimene zagwira injini ku phiko, n'kufika pansi pa mpando wanu. Zitseko za malo oika katundu pamwamba pa mitu yathu zimayamba phokoso, thebulo la kumbuyo kwa mpando likunjenja, ku khitchini mabotolo akugundana. Zinthu za m'katizi sindizo zimagwira ndege. Anazimanga mosiya mpata dala kuti ndege ikamapindika pang'ono zisathyoke.

Tinene modutsa, makamaka kwa ophunzira athu a zaumisiri a ku Coventry ndi ku Aston, kuti injini imeneyi kwawo n'kuno. Frank Whittle anabadwira ku Coventry m'chaka cha 1907, ndipo injini yake yoyamba ya jeti anailiza ku Rugby mu April 1937. Chiboliboli chake chili pakati pa mzinda wa Coventry, ndipo ambiri a ife tachidutsa popita kokagula zinthu osadziwa kuti ndi cha ndani.

Msewu ndi matayala

Msewu wa ndege umaoneka wosalala munthu akauonera patali, koma uli ndi molumikiza, uli ndi timizere tochotsa madzi a mvula, ndiponso pakati pake pali nyali zomira pansi. M'mabwalo ambiri nyalizi zimatalikirana mamita 15. Tayala lakutsogolo likamaponda nyalizi mumamva gu, gu, gu, kuyamba pang'onopang'ono kenako mofulumira. Ukumva choncho dziwa kuti woyendetsa ali pakati penipeni pa msewu. Ndege yaikulu imadzuka pansi ikuthamanga pa liwiro la makilomita pakati pa 250 ndi 300 pa ola. Amene anakwerapo minibasi pa msewu wafumbi nthawi ya chilimwe akudziwa chimene kabampu kakang'ono kamachita liwiro likakula.

Matayala nawo ali ndi mbali yawo. Amawapopa ndi mpweya wa nayitrojeni mpaka kulimba pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa tayala la galimoto. Ndege ikagona usiku wonse pa malo amodzi, makamaka kukazizira, matayala ena amaphwatalala pang'ono pamene anagunda pansi, ndipo m'mawa amadumphadumpha kufikira atatenthera. Tayala lodyeka mbali imodzi limachitanso chimodzimodzi. Pali vuto linanso limene amisiri amalitcha shimmy, pamene tayala limapukusa mutu uku ndi uku mofulumira, ngati muja limachitira tayala la trole ya mu supamaketi. Ndege zimakhala ndi kachipangizo koletsa zimenezi, ndipo kakatopa oyendetsa amalemba m'buku kuti amisiri akaone.

Amene amayenda pa M6 amadziwa chinyumba cha Fort Dunlop ku Erdington. Pafupi pomwepo pali fakitale ya Dunlop Aircraft Tyres, imene imapanga matayala a ndege. N'kutheka kuti tayala limene linatigwedeza ulendo wathawu linachokera pakhomo pathu pomwe pano.

Kutalika kwa nthawi yogwedezeka kumadaliranso malo. Bwalo la Birmingham lili pa mamita pafupifupi 100 okha kuchokera pa nyanja yamchere. La Kamuzu ku Lumbadzi lili pa mamita oposa 1,200, la ku Johannesburg pafupifupi 1,700, ndipo la ku Addis Ababa, kumene ambiri timasinthira ndege, lili pa mamita oposa 2,300. Kumtunda kotero mpweya ndi wopepuka, makamaka kukatentha, choncho ndege imathamanga mtunda wautali isanadzuke. Ngati munaonapo ngati ya ku Addis ikukana kuchoka pansi, chifukwa chake n'chimenecho, osati masutikesi athu a ufa ndi usipa.

Ikangochoka pansi

Apa m'pamene ambiri mtima umapita m'mwamba. Matayala amakhala akuzungulirabe mwamphamvu. Akumbuyo amagwidwa ndi mabuleki pamene akulowa m'mimba mwa ndege, koma akutsogolo alibe mabuleki. Pa ndege ngati Boeing 737 amakakhula pa timapilo timene anaika m'chipinda chake, ndipo okhala kutsogolo amamva kunjenjemera kwa kanthawi kochepa, kenako zii. Zitseko za matayala zimatseguka ndi kutsekeka ndi mdidi. Mapiko amakhala atatambasula zigawo zake zakumbuyo, ndipo mphepo ikamadutsa pamenepo imawinduka n'kugwedeza ndege kufikira zigawozo zitabwerera m'malo.

Kenako pamabwera chija chimatiopsa tonse: phokoso la injini limatsika mwadzidzidzi, m'mimba n'kumva ngati tikugwa. Sitikugwa ayi. Oyendetsa angobweza mphamvu pang'ono pofuna kusunga injini ndi kuchepetsa phokoso kwa anthu okhala pansi, ngati a ku Sheldon, Marston Green ndi Hampton in Arden. Ndege imakhala ikukwerabe, kungoti mosathamanga ngati poyamba.

Bwalo lathu lino lili ndi khalidwe lakelake. Linatsegulidwa ku Elmdon m'chaka cha 1939, ndipo msewu wake, umene anautalikitsa mu 2014 kufika mamita 3,052, unagona kuchokera kumpoto chakumadzulo kupita kummwera chakummawa. Mphepo ya kuno kawirikawiri imachokera kummwera chakumadzulo, ndiye imaomba ndege cham'mbali. Ichi n'chifukwa chake makanema a ndege zikupepesuka ku Birmingham ndi ochuluka pa YouTube. Langizo lathu ndi lakuti musawaonetse mayi usiku woti mawa akunyamuka.

Nyengo yozizira ili ndi zakenso. Kukakhala chifunga chozizira kwambiri, madzi amaundana pa masamba a fani ndege ikamadikira pa mzere, ndipo fani imalemera mbali imodzi. Oyendetsa amaliza injini mwamphamvu kwa masekondi angapo ndege ili chiimire kuti madzi oundanawo athothoke. Ndege imanjenjemera kwambiri pamenepo, koma akuchita dala.

Za ku Kegworth

Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi chigayo akudziwa kulira kwake chikakhala bwino. Akudziwanso zimene zimachitika chitsulo chimodzi chophwanya chimanga chikathyoka: nyumba yonse imanjenjemera, malata akulira, ndipo mwini chigayo amathamangira kukazimitsa. Chinthu chozungulira mwaliwiro chikalemera mbali imodzi chimavuta choncho. Fani ya ndege nayo amaiyeza mosamala, mpaka kuika tizitsulo tating'ono tolinganiza kulemera, monga amachitira ndi tayala la galimoto ku galaja. Tsamba limodzi likathyoka, nkhani imasintha.

Lamulungu pa 8 January 1989, patangopita masiku 18 chichitikire ngozi ya ku Lockerbie, ndege ya British Midland ya nambala 92 inanyamuka ku Heathrow nthawi ya 7:52 usiku kupita ku Belfast. Inali Boeing 737-400 yatsopano, imene inali itagwira ntchito miyezi yochepa chabe. Munali anthu 126: apaulendo 118 ndi ogwira ntchito asanu ndi atatu. Patatha mphindi 13, ikukwera pa mafiti 28,300, tsamba limodzi la fani ya injini ya kumanzere linathyoka. Ndege inayamba kunjenjemera koopsa, kunamveka kuphulika kangapo, ndipo m'kati munalowa utsi ndi fungo la chinthu chopserera.

Oyendetsa sangathe kuona injini ali pa mipando yawo. Kaputeni Kevin Hunt anafunsa mnzake kuti yavuta ndi iti, ndipo mnzakeyo, atayamba kutchula ya kumanzere, anasintha n'kunena ya kumanja. Kaputeni naye ankakhulupirira, potengera ndege zina zimene anayendetsapo, kuti mpweya wa m'ndege umachokera kwambiri ku injini ya kumanja, ndiye utsiwo unagwirizana ndi ganizo limenelo. Anabweza mphamvu ya injini ya kumanja, ndipo kugwedezeka kunachepa nthawi yomweyo.

Apa ndiye panali msampha. Pobweza injiniyo anachotsanso makina amene amayendetsa okha mphamvu ya injini, ndipo mafuta opita ku injini yowonongeka ija anachepa, n'kuleka kuphulika. Kwa iwo zinaoneka ngati apeza vuto. Anazimitsiratu injini yabwinobwino n'kulunjika ku bwalo la East Midlands.

Geji yoonetsa kunjenjemera kwa injini ya kumanzere inali ikulozabe pamwamba. Koma inali yaing'ono, ya maonekedwe atsopano, ndipo oyendetsa akale anazolowera kusakhulupirira mageji otere chifukwa a m'ndege zakale ankanama. Awiriwa anali asanaphunzirepo pa makina oyeserera okhala ndi mageji atsopanowo.

Chimene chimatipweteka mtima kwambiri ife ndi chimene chinachitika kumbuyo. Apaulendo ambiri, ndi ena mwa ogwira ntchito m'ndegemo, anaona ndi maso awo malawi a moto akutuluka ku injini ya kumanzere. Kaputeni analengeza kuti vuto linali ku injini ya kumanja ndipo aizimitsa. Ena mwa apaulendowo anadabwa nazo, koma uthenga sunafike kutsogolo. Anaganiza kuti akatswiri akudziwa chimene akuchita, kapena kuti iwo ndi amene sanamve bwino.

Ndege itayandikira bwalo, oyendetsa anawonjezera mphamvu, ndipo injini yowonongeka ija inafa. Anayesa kuliza ya kumanja, koma nthawi inali itatha ndipo liwiro linali lochepa. Cha m'ma 8:25 usiku ndegeyo inagunda pansi m'munda pafupi ndi mudzi wa Kegworth, n'kudumpha msewu wa M1, n'kukamenya chitunda cha tsidya lina, nyali za bwalo zikuoneka patsogolo. Inaduka patatu. Mwamwayi siinagunde galimoto ngakhale imodzi. Anthu 47 anamwalira ndipo 74 anavulala kwambiri. Amene amapita ku Nottingham kapena ku Derby kudzera pa A42 ndi M1 amadutsa pafupi ndi malowa, ndipo kumanda a ku Kegworth kuli chikumbutso chawo.

Ofufuza a bungwe la boma la AAIB anapeza kuti injini za mtundu umenewu zinawonjezeredwa mphamvu popanda kuziyesa zikuuluka, ndipo masamba ake ankanjenjemera mobisika ndege ikamakwera ndi mphamvu zambiri, mpaka chitsulo kutopa. Mu June chaka chomwecho masamba anathyokanso pa ndege zina ziwiri za mtunduwu, koma zonse zinatera bwino. Ndege za 737-400 zinaimitsidwa kaye kuti injini zikonzedwe. Lipoti la ngoziyi, la mu 1990, linapereka malangizo 31. Mwa zimene zinasintha ndi mayesedwe a injini, kulimba kwa mipando ndi pansi pa ndege, ndiponso maphunziro a ogwira ntchito, kuti a kumbuyo ndi a kutsogolo azilankhulana momasuka. Ngakhale kakhalidwe kowerama kaja, kamene kajambulidwa pa kadi ya m'thumba la mpando, kanakonzedwanso madokotala a ku Nottingham atafufuza mmene anthu anavulalira ku Kegworth.

Ife tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu, ndipo kuno kwa eni timawonjezera manyazi a mlendo: Chingerezi changa chimveka bwanji, andiona ngati wakumudzi. Koma amene anakhala chete m'ndege ija anali eni dziko, olankhula chinenero chawo. Nanga ife? Paja akulu anati safunsa anadya phula. Ogwira ntchito m'ndege masiku ano amaphunzitsidwa kumvera wapaulendo akanena kuti waona moto, utsi, mafuta akutayika kapena chitsulo chikulendewera pa phiko, ndi kukanena kutsogolo. Dinani kabatani koitanira kaja, ndipo ngati Chingerezi chathawa, lozani ndi chala pa windo. Mukalakwitsa, angokuthokozani n'kubwerera ku ntchito yawo.

Mbalame ndi zinyalala

Ponyamuka penipeni, chimene chimawononga fani kawirikawiri ndi mbalame. Ikalowa mu injini imatha kupinda masamba, mpweya n'kusokonekera m'kati, injini n'kuyamba kuphulika ngati mfuti, malawi akutuluka kumbuyo. M'kati mwa ndege nthawi zina mumamveka fungo la nyama yowauka. Mu April 2007 ndege ya Thomsonfly ya Boeing 757 inameza mbalame ikungodzuka ku Manchester. Oyendetsa anazimitsa injini yoyenera, anazungulira, n'kutera bwinobwino ndi injini imodzi. Pa 15 January 2009 ndege ya US Airways inagunda gulu la atsekwe itangonyamuka ku New York, injini zonse ziwiri zinatha mphamvu, ndipo inatera pa mtsinje wa Hudson. Anthu onse 155 anapulumuka. Galimoto zija mumaziona zikuzungulira m'mbali mwa msewu wa ndege, zina ntchito yake ndi kupirikitsa mbalame ndi kutola zinyalala. Kachitsulo kamodzi kotayika pa msewu ndi kamene kanaphulitsa tayala la Concorde ku Paris pa 25 July 2000, ndipo anthu 113 anafa.

Ndege isananyamuke, oyendetsa amawerengera liwiro lina lake limene amalitcha V1, potengera kulemera kwa ndege, kutalika kwa msewu ndi nyengo. Vuto lalikulu likachitika asanafike pa liwirolo, amamanga mabuleki mwamphamvu, ndipo lamba uja ndi amene amakugwirani. Likachitika atapitirira, amanyamuka ndithu, chifukwa msewu wotsala sungakwane kuimapo, ndipo ndege iliyonse yaikulu ya injini ziwiri siiloledwa kunyamula anthu isanaonetse kuti ingathe kukwera ndi injini imodzi. Choncho mukamva kuphulika koma ndege n'kupitirira, sikuti oyendetsa sanamve.

Nanga tisiyanitsa bwanji? Kugwedezeka kwa masiku onse kumatsatira zimene ndege ikuchita. Kumakula ndi liwiro pa msewu, kumachepa matayala akachoka pansi, ndipo kumatha pakapita mphindi zochepa. Kwachilendo kumabwera mwadzidzidzi, kawirikawiri ndi mdidi waukulu, sikuleka ndege ikakwera, ndipo nthawi zambiri kumadza ndi fungo, utsi kapena moto. Yang'ananinso nkhope za ogwira ntchito ali pa timipando tawo. Iwo amamva phokosoli kangapo pa sabata, ndipo ngati akucheza za kumene akagone usikuwo, inunso khazikani mtima pansi.

Kwa makolo amene akuyenda okha, pogula tikiti asankhireni mpando wa pafupi ndi mapiko, chifukwa kumchira ndiye kumagwedezeka kwambiri. Apempherenitu chithandizo cha pa bwalo, kuti posintha ndege pakhale wowatsogolera. Ndipo ngati mpata ulipo sabata yoti anyamuka, pitani nawo ku Sheldon Country Park, pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Marston Green. Kumapeto kwa pakiyo kuli mabenchi oyang'anizana ndi msewu wa ndege, ndipo kulowa n'kwaulere. Tengani flasiki ya tiyi ndi majekete, chifukwa pamaomba mphepo. Mayi akhale pamenepo ola limodzi, aone ndege ikuliza injini kawiri, ikuthamanga, ikudzuka, ikupinda matayala, ina n'kubwera pambuyo pake kuchitanso chimodzimodzi.